Filimu ya Keeley M'khitchini Mwanga

Lamlungu, 1 Juni

Mawa ayamba. Anthu khumi ndi mmodzi m'nyumba ya zipinda ziwiri zogona. Chimbudzi chimodzi.

Keeley wafika masana ndi galimoto yobwereka, zingwe ndi nyali mpaka kudenga. Waonda mwanayu. Zaka makumi atatu ndi zinayi, koma akadali kudya zikhadabo ngati ali ku pulayimale. Zaka zisanu ndi chimodzi akulemba filimu imeneyi, kupempha uku, kupempha uko. Ndalama zimene wapeza, akuti kwa anthu a mafilimu akuluakulu ndi za tiyi chabe. Zochitira lendi nyumba yojambuliramo palibe. Ndiye nyumba ndi yangayi. Ndinavomera pa Khirisimasi nditamwa timatambula tiwiri ta vinyo, ndipo mwana uyu saiwala.

"Masiku khumi ndi asanu okha, Amayi. Simudziwa n'komwe kuti tilipo." Amanena zimenezi akuimika chinyali pamalo pa mpando wanga.

Nkhani yake sindinawerenge. Wandipatsa mpukutu wa mapepala, ndaika pansi pa mbale ya zipatso. Akuti ndi ya mayi ndi mwana wake wamkazi, m'tauni ya asodzi. Ndati, ngati Fleetwood yathuyi? Akuti, "Eya, ngati yomweyi." Wayang'ana kumbali.

Komabe mtima uli m'malo. Mwana wanga kugona pansi pa denga langa milungu iwiri ndi theka! Chichokereni kupita ku London sizinachitikepo.

Lolemba, 2 Juni

Makatani anga achikasu achotsa. Maluwa a pazenera apititsa kwa Beryl, mnzanga wa khomo loyandikana nalo. Khitchini apaka penti ya mtundu wa madzi otsukira mbale. Ndati, iwe Keeley, ndinapenta Epulo yemweyu! Akuti, "Ikuoneka yosangalala kwambiri, Amayi." Ndamva zambiri pa moyo wanga, koma khitchini kupalamula mlandu wosangalala, lero ndi poyamba.

Filiji azimitsa, akuti imalira. Wotchi ya pakhoma nayo aitsitsa. Wozimitsa zonsezi ndi a Idris, ojambula mawu, bambo wa ku Wales wa ndevu zoyera. Amayenda ndi chindodo chachitali chovekedwa ubweya kunsonga. Akavala zomvera zawo m'makutu amamva ndi mimba yomwe. Amva yanga. "Mayi Tordoff, kadyeniko kenakake, mukutiwonongera filimu." Nyumba yonse kuseka.

Tsiku lonse chinthu chimodzi. Mkazi kutsegula chitseko, kuika thumba la zogula pa tebulo. Kakhumi ndi kawiri! Ndine ndekha ndinaona kuti buledi wa m'thumbamo ndi wamakono, pepala lake kunalibe zaka za m'mbuyozo. Ndanena. Keeley wandipsompsona pachipumi pamaso pa onse. Ndiye nanenso ndili pa ntchito.

Masamba a tiyi a mwezi wathunthu atha lero lokha.

Lachiwiri, 3 Juni

Wosewera ngati mayi wa m'filimuyi dzina lake ndi Philippa. Ndinamuonapo pa TV ali loya. Akamalankhula payekha mawu ake ndi a anthu a nyumba zamipanda, koma Keeley akangoti tiyeni, pakamwa pake pamatuluka chilankhulo chathu cha kuno, chenicheni, cha kufakitale ya nsomba. 

Koma amandilondola. Ndikagwira ketulo, maso pa ine. Ndikapukutira manja m'chiuno, naye apukutira. Ndamufunsa kuti vuto n'chiyani, mwanawe? Akuti, "Pepani amayi, mumayenda mokongola." Ine, ndi bondo langa ili!

Dzuwa likuswa mtengo, ndipo akuti likhala choncho mlungu wonse. Tauni yonse ikusangalala kupatula Keeley. M'nkhani mwake muli mvula tsamba lililonse. Makina ogwetsera mvula alipo akuti, koma mtengo wake ungadyetse gulu lonseli masiku atatu. Ndiye Beryl, ndi zaka zake makumi asanu ndi awiri, waima pa makwerero kunja kwa zenera ndi payipi yothirira maluwa, chala pakamwa pa payipi. Malipiro ake sangweji ya tchizi.

Atatsika akuti, "Glenys, mafilimu a kwathu kuno onse ndi amodzi. Mvula, ndudu, munthu pazenera. Udikire kuti chichitike chinachake, basi mayina a osewera ayamba kukwera, tiyeni kunyumba. A ku America bola galimoto zimaphulika."

Ndamutsutsa. Keeley wanditengera ku mafilimu otere ambiri. Anthu ake amakhala ndi mano okhota ngati athu, amakwera basi, amavala juzi lomwelo masiku atatu. Umatuluka uli ngati wawadziwa. Koma mumtima ndati, Beryl sakunama kwenikweni. Awiri mwa mafilimu amenewo ndinagona.

Lachinayi, 5 Juni

Ndawerenga.

Ndinaweruka msanga ku shopu ya buledi, pansi akujambula, ndiye anditsekera m'chipinda chakumbuyo cham'mwamba. Osayenda, thabwa limalira. Osatsitsa madzi kuchimbudzi. Ndatenga mapepala aja.

Dzina lake ndi Maxine. M'mawa amadula nsomba kufakitale, madzulo amakolopa kusukulu. Mwamuna wake wachoka. Mwana mmodzi, wamkazi, zaka zisanu ndi zinayi. Ngakhale juzi langa lobiriwira lija lilimo, long'ambika pa chigongono.

Ndine.

Zimenezo sizinandipweteke. Ndinkadziwa kale, ndinkangochita ngati sindikudziwa. Chandipweteka n'chakuti masamba makumi asanu ndi anayi, Maxine saseka ngakhale kamodzi. Amayang'ana pazenera. Amasuta. Mwana akamufunsa kanthu amayankha mawu amodzi. Zenera liti? Ndi nthawi iti? Ine ndinali ndi ntchito ziwiri, ndikanaipeza kuti nthawi yoyang'ana mvula? Ndipo fodya ndinasiya ndili ndi pakati pa iye yemweyo!

Ndinkaimba m'nyumba muno. Ndinkamuvinitsa pa tebulo. Tsiku lina ndinamunyamula kumsana kuchokera kudoko mpaka kuno tikuchita mpikisano ndi basi. Zonsezo zinapita kuti?

Chakudya chamadzulo ndaphikira onse, nyama yogaya ndi mbatata zosinja. Aliyense kuyamikira. Keeley akuti, "Mwakhala chete bwanji, Amayi?" Ndati ndikuphunzira kukhala Maxine. Foloko yake inaima m'malere.

Loweruka, 7 Juni

Takangana. Kuseri kwa galimoto, nthawi ya nkhomaliro, motsitsa mawu ngati anthu a kutchalitchi.

Ndati, wandisandutsa mtembo woyenda. Anthu a ku London adzakhala m'mipando yofewa n'kumati, kalanga ine, amphawi a kumpoto, sadziwa n'kuseka komwe. Akuti, "Si inu Amayi, ndi Maxine." Ndati, Maxine wavala juzi langa. Akuti, "Filimu si chimbale cha zithunzi za banja." Ndati, nanga si bodza? Akuti, "Ndalemba zimene ndinaona." Pamenepo wina wamuitana, wapita, msana gwa ngati bambo ake.

Ndakhala pa khoma la kutsogolo ndi tiyi wozizira. A Idris abwera, akhala pambali, akudya apozi ndi mpeni. Ndinaiwala kuti bambo awa amamva chilichonse.

Akuti mafilimu otere achitapo khumi ndi anayi. Atatu okha ndi amene anthu anawaonera. Ndafunsa kuti ndiye mumavutikiranji? Akuti ku filimu yaikulu anagwirako kamodzi, miyezi inayi, chakudya cha mfumu, koma sakumbukira ngakhale mawu amodzi amene anajambula. "Kuno ubwino wake, mayi, palibe bwana wa ndalama wotiuza chochita." Aluma apozi. "Kuipa kwake, palibe bwana wa ndalama wotiuza chochita. Mwana akafuna zenera kasanu, palibe womuuza kuti kawiri kakwana."

Ndati, ndiye ine ndimuuza. Akuti, "Muuzeni. Koma dikirani muone za Lachitatu." Sananene kuti za Lachitatu n'zotani.

Mbalame za kunyanja zawasokoneza masana onse. Beryl wazikokera kumapeto kwa msewu ndi tchipisi. Akuti aikidwe dzina pa filimu kawiri, la mvula ndi la mbalame.

Lolemba, 9 Juni

Mwamuna wathawa! Osati wanga, wa Maxine.

Wosewera ngati bambo wa m'nyumbayi anayenera kufika lero pa sitima ya m'mawa. M'malo mwake uthenga pa foni. Wapeza ntchito yotsatsa sopo wochapira ku Spain, masiku awiri, malipiro oposa a filimu yathu yonse. Akupepesa kwambiri.

Keeley ndamupeza m'galimoto, mutu pa chiwongolero. Chikanganireni Loweruka tinali tisanalankhulane bwinobwino. Ndakwera mbali inayo, ndamupatsa bisiketi. Ndati, usalire mwanangu, nyumba ino amuna saikhalitsa, si zachilendo. Wandiyang'ana, maso ofiira, kenako phwaa, kuseka. Taseka mpaka galimoto kugwedezeka, Philippa kubwera kudzasuzumira.

Ndiye wayamba kudya chikhadabo. Akuti, "Amayi, nanga atapanda kuoneka n'komwe?"

Zachitikadi choncho. Bamboyo m'filimu yonse saoneka nkhope. Jekete pa msomali. Nsapato pakhomo. Kutsokomola m'chipinda china, a Idris ndiwo atsokomola. Tsiku lochoka, dzanja lichotsa jekete pa msomali, chitseko chitsekeka, mwana ali pa masitepe. Basi. Ndinaonera pa kagalasi kawo koonetsa zimene kamera ikujambula. N'zowawa kuposa akanakhalapo ndi nkhope yake yokongolayo. A Idris akuti umphawi nthawi zina umalemba bwino kuposa olemba.

Soseji zonse za m'filiji zawonongeka. Palibe amakumbukira kuyatsanso.

Lachitatu, 11 Juni

Sindikudziwa kuti ndilembe bwanji.

M'mapepala munangolembedwa kuti, "Khitchini, m'mamawa. Maxine ali yekha." Ndinkaganiza kuti ndi zenera linanso. Ndinaima kukhonde ndi thireyi ya makapu.

Philippa walowa, atavala juzi lija. Watsegula mpopi wa m'sinki, mwamphamvu. Kenako wakhala pansi, pakati pa sinki ndi chitofu, msana kukhoma, waluma thaulo lopukutira mbale. Ndiye walira. Popanda mawu. Mapewa okha. Mphindi ziwiri kapena zitatu. Kenako wadzuka, watseka mpopi, wasamba kumaso, waitana mokweza, mosangalala, "Dzuka iwe kaulesi, phala lapsa!"

Thireyi sindinagwetse. Sindikudziwa kuti zinatheka bwanji.

Palibe munthu ndinamuuzapo. Ngakhale Beryl. M'mawa uliwonse chaka chimenecho, ndisanapite kufakitale, mphindi zitatu, mpopi wotsegula kuti mwana asamve. Ndinkadzitama mumtima kuti ndinabisa bwino. Zaka makumi awiri ndi zisanu ndikudzitama.

Keeley sananene kuti tibwereze. Koyamba chiyambireni.  Kenako wabwera kukhonde, watenga thireyi m'manja mwanga, waika pansi.

"Ndinkakhala pa sitepe yachitatu, Amayi. Mpopi ukangoyamba ndinkadzuka. Mukatseka ndinkathamangira m'bulangete kuti mundipeze ndikugona."

Ndati, bwanji sunanene? Akuti, "Munkayesetsa kwambiri. Sindinafune kukuwonongerani."

Mwana wa zaka zisanu ndi zinayi.

Ndapita kwa Beryl, ndakhala pakati pa maluwa anga omwe.  Wandidulira keke, wayatsa wailesi.

Lachinayi, 12 Juni

Ndadzuka wopepuka ngati ndatula mtolo. Zodabwitsa.

Pa chakudya cham'mawa, anthu asanafike, ndamuuza Keeley kuti chabwino, mpopi ndi woona, ndagonja. Koma keke ili kuti? Akuti, "Keke iti?"

Waiwala! Tsiku lotsatira bambo ake atachoka linali tsiku lawo lobadwa. Keke ndinali nditaphika kale, yachokoleti, yosanjikiza. M'mawa mwake ndinakwera nayo kuchipinda, tinakhala pa bedi, tinaidya ndi manja, yonse, osasiya ngakhale nyenyeswa. Ndinapeka nyimbo ya mwamuna amene anapita ulendo n'kuiwala masokosi. Iye ankavomera, chokoleti mpaka m'makutu. Atafika kusukulu anasanza pa nsapato za aphunzitsi.

Ndikufotokoza, nkhope yake imasintha pang'onopang'ono. "Nsapato zofiira," akuti. "Zinali zofiira!" Wagwira pakamwa.

Akuti tsiku lowonjezera palibe, kamera ibwezedwa pa 19. Kuti keke ilowe, china chituluke. Ndati, uli ndi mazenera asanu, mwanangu. Pereka awiri.

Wapereka atatu.

Loweruka, 14 Juni

Tsiku la keke!

Ndaphika ndekha, njira yomweyo. Imodzi yokha, chifukwa ufa ndi chokoleti n'zanga ndipo sindine boma. Ndiye ndawauza onse kuti lero za kakhumi ndi kawiri kulibe. Keke ikadyedwa yadyedwa.

Keeley amafuna nyimbo ya pa wailesi ya chaka chimenecho, koma eni nyimbo akuti amalipiritsa ndalama zogulira galimoto. Ndiye yatsala ya masokosi, mwini wake ndine, yaulere. Ndaphunzitsa Philippa ndi Tilly, kamtsikana kosewera ngati Keeley, m'bafa, chifukwa ndi malo okhawo opanda zingwe.

Anthu asanu ndi atatu m'chipinda changa, wa kamera ataimirira pa kabati. Poyamba Philippa amadya mwaulemu, timazala tiwiri. Ndalephera kupirira. Ndakuwa kuchokera pakhomo kuti, tapa ndi dzanja lonse mayi iwe, mwamuna wapita! A Idris anagwira mutu. Koma Tilly anaphulika kuseka kwenikweni, Philippa naye, wamupaka mwana chokoleti pamphuno, nyimbo aiyamba molakwika, aimba choncho. Kamera imanjenjemera chifukwa mwini wake amaseka. Keeley akuti zikhala momwemo.

Pamapeto, popanda womuuza, Philippa wasiya kuseka pang'ono, wayang'ana mbali ya bedi yopanda munthu, kenako wapitiriza kuimba. Zimenezo sindinamuuze. Kaya anazidziwa bwanji.

Nsalu za pabedi sizidzayeranso.

Beryl akuti, "Ndiye filimuyi ili ndi nthabwala imodzi. Samalani, adzakulandani chiphaso cha mafilimu achisoni."

Lachitatu, 18 Juni

Atha. Phwando lake tchipisi ndi nsomba pa khoma la kutsogolo, aliyense ndi pepala lake. Ndipo itangonyamulidwa kamera, mvula! Yeniyeni, yamphamvu. Keeley anayang'ana kumwamba n'kunena mawu amene sindilemba muno.

Philippa wapempha juzi lija. Ndamupatsa. A Idris andiyatsira filiji ndi manja awo, agwada n'kupepesa kwa iyo.

Khitchini analonjeza kupentanso. Apenta makoma awiri, penti yatha, galimoto iyenera kubwezedwa. Ndiye theka chikasu, theka madzi otsukira mbale.

Nyumba yakula. Ndaika makapu khumi ndi awiri pa tebulo ndisanakumbukire.

Lamlungu, 9 Novembala

Kalekale osalemba. Bondo, ntchito, ulesi.

Dzulo aionetsa koyamba ku London, pa chionetsero cha mafilimu ang'onoang'ono. Keeley ananditumizira tikiti ya sitima, sindinapite. Ndinati bondo. Bodza. Mantha.

Waimba foni m'mawa uno, mawu ali m'mwamba. Anthu makumi anayi ndi mphambu, ena anaimirira powomba m'manja. Wolemba nyuzipepala wina wapereka nyenyezi zitatu mwa zisanu. Wandiwerengera. Akuti Philippa ndi woona ngati munthu wokhala naye pa basi, khitchini imachita kununkhira. Koma akuti theka la ola loyamba limayenda ngati maliro, za kudoko mawu anapita ndi mphepo, ndipo nkhani za mtundu uwu taziona kambiri. Za keke akuti ndi pamene filimu imadzuka.

Ndati, werenganso pamenepo. Akuti, "Amayi, musayambe." Ndati werenga. Wawerenga.

Nyumba zazikulu zoonetsera mafilimu zakana. Akuti mulibe dzina lokoka anthu. Ndiye aziyenda nayo yekha tauni ndi tauni, ngati wogulitsa mankhwala a nsikidzi. Pakali pano wabwerera ku ntchito yake yogulitsa khofi. Akumveka wokondwa.

Loweruka, 14 Malichi

Lero yafika kwathu. Holo ya tauni, 2 koloko masana, mipando yamapulasitiki. Yadzaza mpaka ena kuima kumbuyo. Akufakitale akale onse, atavala ngati ukwati.

Mvula itangooneka pazenera, Beryl waimirira, "Imeneyo ndi ine!" Holo yonse m'manja. Pasanathe mphindi khumi anali atagona, kukamwa yasa. Wa nyuzipepala uja sananame, koyambako ndi kotalika. Kudoko sindinamve ngakhale liwu. Koma anthu aseka malo amene Keeley akuti ku London kunali zii, ndipo pa mpopi paja mayi wina kumbuyo kwanga, sindimudziwa n'komwe, anati chapansipansi, "Ine ndinkayatsa makina ochapira." Pa keke holo inaimba nawo za masokosi.

Potuluka Keeley akuti, "Ndiye, Amayi?" Ndati ndi yaitali. Akuti akudziwa. Ndati kudoko sindinamve kanthu. Akuti akudziwa. Ndati ndi yabwino kwambiri, mwanangu. Tayenda chogwirana mikono mpaka kunyumba.

Koma pali chimodzi chandikhala pakhosi.

Pamene dzanja linachotsa jekete, chitseko n'kutsekeka, azimayi a mzere wathu anati, "Galu!" Ndinayang'ana Keeley. Nsagwada zili gwa, ngati akuvomereza. Zaka zonsezi akukhulupirira kuti bambo ake anatuluka osacheuka. Ndi zimene anaona ali pa sitepe yachitatu. Kuchokera pamenepo chitseko chimaoneka theka.

Koma Malcolm, mwamuna wangayo, anacheuka. Anaima panja ndi chikwama chimene ndinamulongedzera ndekha, nditadziwa za mkazi wa ku Hull. Ankalira, ankati athetsa zonse, ndimulole angotsanzikana ndi mwana. Chitseko chija anatseka ndine.

Sindinong'oneza bondo kuti ndinamuthamangitsa. Ndikanachitanso lero. Koma ndinasiya mwana akhulupirire kuti sanamufune, chifukwa ndinkaopa kuti akadziwa adzada ine. Sindinalembepo ngakhale m'buku muno. Iye wandionetsa zake zonse pakhoma la holo, pamaso pa tauni yathunthu, ndi tindalama ta tiyi. Ine ndikhale nazo zanga m'thumba?

Mwina akwiya. Mwina akwera sitima ya mawa osatsanzika. Mwina, pomudziwa, afunsa pepala ndi cholembera.

Keeley ali pansi kukhitchini, akuimba za masokosi, akuwiritsa madzi. Wafunsa ngati ndikufuna bisiketi. Ndati bwera ndi paketi yonse, ndipo ukhale pansi.

Akukwera masitepe.